Ndine woimba m'bandi, andipempha kuti ndiziphunzitsa ana nyimbo kusukulu: ndiyambire pati?

Funso: Ndakhala ndikuimba gitala ndi kiyibodi m'mabandi kwa zaka zambiri. Nyimbo ndimaigwira ndi khutu, za manoti ndimangodziwako pang'ono. Sukulu ina ya pulayimale yandipempha kuti ndiziphunzitsa ana nyimbo, koma pepala la uphunzitsi ndilibe. Kodi ndingathe? Ndiyambire pati? Ndikuopanso kuti ndikalowa m'kalasi ndiye kuti za kuimba kwanga zathera pomwepo.

Yankho:

Achimwene, mungathe ndithu, ndipo ine ndikuti vomerani. Ana ambiri amamaliza pulayimale osakumanapo ndi munthu amene nyimbo ili m'magazi mwake, choncho amene akuganiziraniwo aganiza bwino. Koma mulowe mukudziwa kuti ntchito imene akukuitanirani ndi yosiyana ndi imene munazolowera. Pa siteji anthu amabwera kudzamvera inu. M'kalasi woimba ndi mwana. Phunziro likatha muzidzifunsa kuti: pa mphindi 35 kapena 40 zimene ndinali nazo, ndi zingati zimene anawa anali kuimba, kuomba m'manja, kuvina kapena kuliza chinachake ndi manja awoawo? Ngati nthawi yambiri yatha inu mukulankhula, kapena mukuwaonetsa mmene zala zanu zimathamangira pa gitala, ana asangalala ndipo akuomberani m'manja, koma apita kwawo osatolapo kanthu.

Vuto loyamba la katswiri aliyense ndi lakuti anaiwala kalekale mmene kusadziwa kumapwetekera. Inu mukamachoka pa kodi ya G (kodi ndi manoti angapo olizidwa pamodzi) kupita pa C simuganiza n'komwe, zala zimangopita zokha. Mwana wa zaka 9 ayenera kudziwa chala chimene chinyamuke poyamba, waya umene chikatere, mphamvu yokanikizira, ndipo nthawi yonseyi dzanja linalo lisaime, pomwe nsonga za zala zikuwawa. Musanakumane ndi anawo, tengani gitala yanu muitembenuze, makodi muwagwire ndi dzanja limene simugwirira, ndipo muyese kuimba kanyimbo ka makodi atatu. Kukwiya ndi manyazi amene mudzamve ndi omwewo amene mwana amamva pamaso panu. Kalikonse kamene kakuvuteni mukalembe pa pepala motsatana, kuyambira kakhalidwe pa mpando mpaka kusintha kodi osaima. Sikimu yanu ya teremu yoyamba iyambire pa pepala limenelo. Kuphunzitsa n'kuphwanya zimene thupi lanu limachita nthawi imodzi kuti zikhale timasitepe ting'onoting'ono timene mwana angakwere kamodzikamodzi.

Zoti mumagwira nyimbo ndi khutu musachite nazo manyazi, chifukwa ndi chuma chachikulu chimene mukupita nacho kusukuluko. Akatswiri amene anasintha kaphunzitsidwe ka nyimbo m'zaka za m'ma 1900 ankasiyana pa zambiri, koma pa mfundo iyi anagwirizana: khutu liyambe, pepala libwere pambuyo. Shinichi Suzuki, woimba vayolini wa ku Japan amene anakhazikitsa ntchito yake ku Matsumoto nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, anaona kuti mwana aliyense amalankhula bwino chinenero cha makolo ake asanadziwe chilembo n'chimodzi chomwe, chifukwa amachimva tsiku ndi tsiku, amatsanzira, ndipo akalakwitsa anthu amamulimbikitsa. Iye anaphunzitsa vayolini mwa njira yomweyo. Ku United States, Edwin Gordon, amene poyamba ankaimba besi m'gulu la jazi, anadzakhala wofufuza wotchuka wa mmene ana amaphunzirira nyimbo, ndipo chimene ankatsindika ndi luso lomva nyimbo m'mutu pamene kunja kuli zii. Ku England, Lucy Green anafunsa oimba a m'mabandi mmene anaphunzirira, napeza zimene inu mukuzidziwa kale: kumvetsera nyimbo mobwerezabwereza, kuitsanzira, ndi kuphunzitsana ndi anzawo. Zimene anapezazo zinalowa m'masukulu kudzera mu pulogalamu ya Musical Futures imene inayamba mu 2003. Ndiye njira imene munadzera inuyo ndi yomwe anthu ophunzira kwambiri akhala akuyesetsa kuibweretsa m'kalasi.

Komabe kuwerenga nyimbo muphunzire, ndipo muyambe sabata ino. Silabasi ya sukulu zambiri imafuna kuti ana adziweko zizindikiro, komanso tsiku lina mudzakhala ndi mwana waluso amene akufunika kupita patali kuposa pamene inu munafika, ndipo si bwino kuti kusadziwa kwanu kudzamutsekere njira. Yambani ndi solfa, ija ya do, re, mi. Njirayi inachokera kwa Guido wa ku Arezzo ku Italy zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, amene ankafuna kuti anyamata a kwaya azigwira nyimbo msanga. M'zaka za m'ma 1800 Sarah Glover wa ku Norwich ku England anaikonza kuti ithandize ana, ndipo John Curwen anaifalitsa n'kuwonjezera zizindikiro za manja, noti iliyonse ndi kapindidwe kake ka dzanja. Kenako aphunzitsi otsatira Zoltán Kodály ku Hungary anazitenga n'kuziika pakati penipeni pa maphunziro a ana. Kwa inu solfa sidzavuta, popeza do amasuntha malinga ndi kiyi, ndipo paliponse pamene nyimbo imakapumira ndiye pa do. Mukamakodolana ndi zala pa siteji kuti kodi yoyamba, yachinayi, yachisanu, mukunena do, fa, so. Solfa ikakhazikika, pitani ku manoti a pa mizere isanu. Mabungwe monga ABRSM ndi Trinity College London amalembetsa mayeso a nyimbo m'maiko ambiri, kuyambira giredi 1 mpaka 8. Kwa mphunzitsi wa ku pulayimale, kufika giredi 5 ya mayeso olemba n'kokwanira kuti aziyenda momasuka, ndipo munthu wa khutu ngati lanu amafikapo msanga chifukwa amangophunzira mayina a zinthu zimene amazimva kale.

Tsopano ndichedwe pang'ono pa mawu a ana, chifukwa apa ndi pamene oimba ochokera m'mabandi amawononga kwambiri osadziwa. Mwana wa zaka 5 mpaka 7 amaimba momasuka pa mtunda waufupi zedi, kuyambira pa D woyandikana ndi C wapakati pa kiyibodi kukafika pa A kapena B, manoti asanu kapena asanu ndi imodzi basi. Akamakula mtundawo umatambasuka pang'onopang'ono, makamaka chakumwamba. Nyimbo zambiri za pa wailesi zinapangidwira mawu a akuluakulu, zimatsika kwambiri kapena zimalumpha mtunda wautali. Mukayambitsa nyimbo pa kiyi yokomera pakhosi panu, ana ena amangong'ung'udza chapansipansi, ena amakuwa, ndipo inu mumayamba kuganiza kuti kalasi yonse ilibe khutu, pamene vuto ndi kiyi. Nyimbo iliyonse muziyamba mwaifufuza noti yake yotsikitsitsa ndi yokwereratu, kenako muisunthe kuti ikwane mawu a anawo. Pa gitala kapo, kachipangizo kopanira mawaya kuti kiyi ikwere, idzakuthandizani, pa kiyibodi phunzirani kuimba nyimbo imodzi m'makiyi angapo.

Palinso china chokhudza inu ngati bambo. Mawu anu ali okitevu yathunthu, mtunda wochokera pa do kukafika pa do wina, pansi pa mawu a ana. Ana okulirapo amadziwa okha kukweza, koma ang'onoang'ono amayesa kutsika kuti akupezeni komwe muliko, ndipo amasochera. Pa masabata oyamba muziimba mopepuka ndi mawu aang'ono a m'mutu aja, kapena muziwapatsa noti yoyambira pa kiyibodi kapena pa chitoliro. Njira yabwino koposa ndi kupeza mwana mmodzi amene waigwira nyimboyo, iye aimbe mzere, anzake atsanzire. Mwana amatsanzira mawu a mwana mnzake mosavuta kuposa a munthu wamkulu aliyense.

Ndipo chonde, achimwene, musadzauze mwana kuti iye azingotsegula pakamwa osatulutsa mawu, kapena kuti akhale kumbuyo chifukwa akusokoneza anzake. Ndakumana ndi akuluakulu ochuluka, ena a imvi, amene amati iwo sadziwa kuimba, ndipo ukawafunsa bwino umapeza kuti mphunzitsi wina anawauza mawu amenewa ali aang'ono, iwo n'kutseka pakamwa mpaka lero. Anthu amene anabadwa ndi vuto lenileni losatha kusiyanitsa manoti ndi ochepa kwambiri, sapitirira 4 pa anthu 100 alionse. Ana ambiri amene amaimba pa noti imodzi amakhala kuti sanapeze mawu awo oimbira, akugwiritsabe ntchito olankhulira. Athandizeni ndi masewera: atsanzire kulira kwa ambulansi, kukwera ndi kutsika, atsanzire kadzidzi kapena kamwana ka mphaka. Kapena mverani noti imene mwanayo akuimba, inu mupite pomwepo muimbe naye limodzi, amve mmene mawu awiri amagwirizanirana, kenako mukwere naye pang'onopang'ono. Mukhazikeni pakati pa anzake awiri oimba molimba. Zimatenga miyezi, nthawi zina chaka, koma ambiri amafika. Anyamata a m'makalasi akumapeto, cha m'ma zaka 12 mpaka 15, mawu awo amayamba kusintha, amathyoka mwadzidzidzi, ndipo mtunda wawo umafupika kwa kanthawi. Asasiye kuimba. Apatseni gawo la manoti ochepa limene akulikwanitsa, ndipo musalole kuti wina aseke. Pewaninso kukuwa kuti "kwezani mawu!" chifukwa ana akamva zimenezo amakuwa, ndipo kukuwa kumapweteka pakhosi. Auzeni kuti aimirire bwino, apume mokwanira, atchule mawu momveka. Mphamvu ya mawu imabwera yokha.

Za mwambo m'kalasi, dziwani kuti phunziro la nyimbo ndi limene mphunzitsi amachita kupempha ana kuti apange phokoso, kenako n'kufuna kuti phokosolo lithe nthawi imodzi. N'chifukwa chake chinthu choyamba kuphunzitsa, nyimbo isanabwere, ndi chizindikiro choimitsira. Mukhoza kukweza dzanja n'kufumbata, kapena kuomba m'manja kamayimbidwe kena kamene iwo amayankha kenako n'kukhala chete. Chisandutseni masewera: apange phokoso, muimitse, muone ngati angathe kukhala zii onse pamodzi, mubwereze mpaka chizolowereke. Musagawe ng'oma kapena maseche lamuloli lisanakhazikike. Mukagawa, alekeni alize mmene akufunira kwa theka la mphindi, popeza palibe mwana amene angagwire ng'oma osaimenya, kenako muimitse, zoimbira pansi, manja pa mawondo. Chisokonezo chambiri m'kalasi ya nyimbo chimabadwa pa nthawi imene ana akudikira: mphunzitsi akuchuna gitala, akufunafuna nyimbo pa foni, kapena akuthandiza mwana mmodzi pamene 50 akungoyang'ana. Chunani gitala belu lisanalire, ndipo chikonzero cha phunziro chikhale cholembedwa, chinthu chotsatira muzichidziwa musanamalize chimene mukuchita. Ana aang'ono musawakhazike pa chinthu chimodzi kupitirira mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri.

Phunziro liziyamba ndi nyimbo, mawu ofotokoza abwere pambuyo ndipo akhale ochepa. Ombani m'manja kanayi, iwo abwereze. Sinthani kaombedwe, abwerezenso. Pakangopita mphindi ziwiri kalasi yonse ili m'manja mwanu musanalankhule kanthu. Émile Jaques-Dalcroze, amene ankaphunzitsa ku Geneva, anadabwa kuona ophunzira ake akuluakulu akuwerenga manoti bwinobwino koma biti osaimva m'thupi, ndipo anayamba kuwayendetsa ndi kuwavinitsa m'kalasi. Chitani chimodzimodzi. Ana ayende motsatira kugunda kwa nyimbo, kenako aombe m'manja motsatira mawu a nyimboyo, ndipo tsiku lina achite zonse ziwiri pamodzi, mapazi kwina manja kwina. Akatha zimenezo ndiye muwapatse mayina, "ta" pa kugunda kumodzi ndi "ti-ti" pa kugunda kogawika pawiri, ndipo pomaliza muwaonetse mmene zimalembedwera pa bolodi. Dongosolo lake nthawi zonse ndi lomweli: amve, achite, atchule dzina, kenako aone cholembedwa.

Pophunzitsa nyimbo yatsopano, imbani yonse kaye kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse muwapatse choti amvetsere, monga nyama imene yatchulidwa kapena mawu amene abwerezedwa. Kenako mzere ndi mzere, inu kutsogolera iwo kuvomera. Akangoigwira, inu khalani chete. Apa oimba ambiri zimawavuta, chifukwa pakamwa pamafuna kuimba. Koma mukamaimba nawo nthawi zonse simuwamva, ndipo iwo amangotsamira pa inu, moti tsiku limene mudzasiye nyimbo idzagwa. Gitala nayonso muziiimba chapansi, mophweka, makodi okha. Zokometsera zija musungire ku siteji.

Mwina mukuda nkhawa kuti sukuluyo ilibe zoimbira zokwanira. Zisakuimitseni. Carl Orff ndi Gunild Keetman ku Germany anamanga njira yawo yonse pa zinthu zimene mwana amabwera nazo: mawu olankhula, manja, ntchafu, mapazi ndi zala. Ntchito yawo inayambira pa sukulu ina ya ku Munich imene inatsegulidwa mu 1924, ndipo inafalikira kwa ana ambiri kudzera pa wailesi ya ku Bavaria kuyambira mu 1948. Anapangitsanso zoimbira za timatabwa zonga mangolongondo, zoti timatabwa take timachotseka. Ukachotsa F ndi B pamatsala C, D, E, G ndi A, manoti asanu amene sagundana moipa, choncho mwana aliyense akhoza kupeka kanyimbo kake osaopa kulakwa. Pa kiyibodi yanu mabatani akuda okha amachita zofanana ndi zimenezi. Itanani mwana aziliza akudawo mmene akufunira, inu muzimuperekeza chapansi, muone nkhope yake. Kalasi ikakhala yaikulu igaweni patatu: gulu lina liziimba, lina lizigunda biti ndi mapazi kapena pa ndowa, lina lizibwereza kachidutswa kafupi pa zoimbira zochepa zimene zilipo, kenako asinthane mpaka aliyense alawe zonse. Ndipo sabata iliyonse pakhale mpata woti ana apeke zawo, ngakhale kamzere kamodzi. Ichi ndi chinthu chimene inu woimba m'bandi mumachitha kuposa aphunzitsi ambiri amene anaphunzira nyimbo za pa pepala zokha.

Nyimbo zoyambira zikhale za m'chinenero chimene ana amalankhula kwawo. Kodály ndi mnzake Béla Bartók anayendayenda m'midzi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 akujambula nyimbo za anthu wamba, ndipo Kodály anatsimikiza kuti mwana ayambe ndi nyimbo za kwawo asanapite ku za eni. Maganizo amenewa anabala sukulu za pulayimale zoimba tsiku lililonse, monga ya ku Kecskemét imene inatsegulidwa mu 1950, ndipo mu 2016 bungwe la UNESCO linaika njirayi pa mndandanda wa njira zabwino zosungira chikhalidwe. Inu funsani anawo kuti akuphunzitseni nyimbo zimene amaimba posewera pa nthawi yopuma. Zimakhala zokwana mawu awo, amazikonda kale, ndipo mwana amene waphunzitsa aphunzitsi ake nyimbo sadzaiwala tsikulo. Nyimbo za pa wailesi musazikane, koma muziwerenga mawu ake onse kaye, vesi ndi vesi, musanazilowetse m'kalasi.

Tifike pa za pepala. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma kawirikawiri sukulu za boma zimafuna satifiketi, dipuloma kapena digiri ya uphunzitsi kuti munthu alembedwe ngati mphunzitsi wokhazikika, pamene sukulu zoyendetsedwa ndi anthu kapena mipingo zimatha kulemba katswiri wobwera masiku ena, kapena woyang'anira kwaya ndi kalabu ya nyimbo. Funsani aphunzitsi aakulu kuti akukutengani pa udindo uti, ndipo zonse zilembedwe: masiku, mapiriyodi, malipiro, ngati mumalipidwa pa holide, ngati kukonzekeretsa ana zoimba pa zochitika za sukulu kuli m'kati mwa malipirowo, ndiponso amene agule ndi kukonzetsa zoimbira. Oimba anazolowera kugwirizana pakamwa, ndipo ambiri amalira nazo. Musanayambe pemphani kuti mukhale kumbuyo kwa kalasi masiku angapo mukuonerera mphunzitsi waluso wa ana aang'ono, ngakhale akuphunzitsa masamu. Onani mmene amaimira, mmene amatchulira mayina, mmene amatsitsira mawu ana akayamba phokoso. Pa teremu yoyamba pemphani kuti mphunzitsi wa kalasiyo azikhala nanu. Mukaona kuti ntchitoyi yakulowani mu mtima, lembetsani maphunziro a uphunzitsi, ngakhale ophunzira muli pa ntchito. Pepalalo lidzakutsegulirani makomo, koma kuposa apo mudzaphunzira za kakulidwe ka mwana, kayesedwe ka ophunzira, ndi mmene mungathandizire ana olumala kapena ovutika kuphunzira, zinthu zimene siteji siphunzitsa.

Nkhani ya chitetezo cha ana muitenge mwamphamvu kuyambira tsiku loyamba. Maiko ambiri amafuna kalata ya apolisi kapena ya bungwe loona mbiri ya munthu asanagwire ntchito ndi ana, monga DBS ku England. Ngakhale sukulu isakufunseni, ipezeni nokha. Musakhale ndi mwana awiriwiri m'chipinda chotseka chitseko. Pokonza kagwiridwe ka gitala kapena kaimidwe, onetsani pa thupi lanu, ndipo ngati n'kofunikadi kugwira dzanja la mwana, pemphani kaye ndipo zichitike anthu akuona. Musamalemberane mauthenga ndi ana pa foni, zonse zizidzera kwa makolo kapena ku ofesi. Zithunzi ndi mavidiyo a ana musaike pa Facebook kapena pena paliponse popanda chilolezo cha makolo ndi sukulu, ngakhale ataimba mokoma chotani. Mwana akakuuzani chinthu choopsa chimene chikumuchitikira, musalonjeze kusunga chinsinsi, kauzeni amene sukulu inamuika kuyang'anira nkhani zimenezi tsiku lomwelo. Ana amakonda kukhulupirira mphunzitsi wa nyimbo, ndiye udindo umenewu ukhoza kukupezani msanga.

Pali msampha wina umene uli m'sukulu zambiri. Akuluakulu amafuna kuti pa tsiku la makolo ana aimbe zogometsa, ndiye mphunzitsi amasankha ana 20 aluso, n'kuthera teremu yonse pa nyimbo ziwiri, ena onse atangokhala. Kwaya ya osankhidwa ndi yabwino ndipo ikhalepo, koma ikhale ya nthawi yapadera. Piriyodi ya m'kalasi ndi ya mwana aliyense, ndipo pa chaka pakhale tsiku limene kalasi yonse, ndi wong'ung'udza uja yemwe, iimirira pamaso pa anthu. José Antonio Abreu atayamba El Sistema, ntchito yophunzitsa ana nyimbo m'magulu oimba, ku Caracas m'dziko la Venezuela mu 1975 anali ndi achinyamata 11 okha, ndipo chimodzi mwa zimene zinakulitsa ntchitoyo n'chakuti amene wadziwa pang'ono ankaphunzitsa mnzake wobwera kumene. Chitani zomwezo m'kalasi mwanu, ana aluso akhale othandiza anzawo. Ndikuchenjezeninso pa kakambidwe ka phunziroli. Mudzamva anthu akunena kuti nyimbo zimachititsa ana kukhala anzeru pa masamu. Mphekesera imeneyi inakula chifukwa cha kafukufuku wa mu 1993 amene anachitika pa ophunzira a ku yunivesite, osati ana, ndipo kusintha kumene anapeza ophunzirawo atamvetsera nyimbo ya Mozart kunatha pasanapite mphindi 15. Musamange phunziro lanu pa lonjezo limenelo. Ana aziphunzira nyimbo chifukwa kuimba, kumvetsera ndi kupanga chinthu chokoma pamodzi ndi anzako ndi gawo la kukhala munthu, ndipo chifukwa chimenechi n'chokwanira pachokha.

Thupi lanu nalonso mulisamale. Kulankhula mokweza kwa maola asanu pamwamba pa phokoso la ana kumasasitsa mawu kuposa konsati, ndipo woimba amene mawu asasa wataya ntchito ziwiri. Gwiritsani ntchito chizindikiro chija m'malo mokuwa, imwani madzi, ndipo kusasa mawu kukapitirira masabata awiri kapena atatu kaonaneni ndi dokotala. Makutu nawonso: akatswiri a zaumoyo wa pa ntchito amati phokoso la madesibelo 85 munthu asakhalemo kupitirira maola 8, ndipo likakwera ndi madesibelo atatu okha nthawiyo imadulidwa pakati. Ng'oma khumi m'chipinda cha makoma a simenti zimapitirira pamenepo mosavuta. Zaphokoso muzichitira panja ngati n'kotheka, ndipo inu amene usiku mumakhalanso pafupi ndi masipika mupeze zotsekera m'makutu za oimba.

Za mantha anu omaliza aja, kuphunzitsa sikupha kuimba. Kodály ndi Orff anapitiriza kupeka nyimbo zazikulu ali m'kati mwa ntchito ya ana. Chimene ndaona kwa oimba amene alowa m'kalasi n'chakuti biti yawo imakhazikika, khutu limathwa chifukwa chomvetsera ana ambiri nthawi imodzi n'kupeza amene wataya kiyi, ndipo amayamba kupeka nyimbo zosavuta kuimba, zimene anthu amazigwira msanga. Chimene chimapha kuimba ndi kutopa ndi kusowa dongosolo. Kugona 2 koloko usiku n'kukaima pamaso pa ana 7 koloko m'mawa sikutheka kwa nthawi yaitali, ndipo ana amazindikira msanga mphunzitsi amene wabwera ndi tulo. Choncho yambani ndi masiku awiri kapena atatu pa sabata, mupemphe kuti asakhale otsatana ndi usiku umene mumaimba kawirikawiri. Anzanu a m'bandi muwauze masiku a sukulu teremu isanayambe, ndipo sukulu muiuze msanga za maulendo a bandi, chifukwa mphunzitsi wojomba mwadzidzidzi sachedwa kutaya chikhulupiriro cha makolo. Patulani nthawi yanuyanu yoyeserera tsiku lililonse, ngakhale theka la ola, yoimba zinthu zokuvutani inuyo, osati za ana. Ndipo kamodzi pa teremu, ngati sukulu yalola, bwerani ndi anzanu awiri kapena atatu a m'bandi mudzaimbire anawo mwamphamvu zanu zonse, kenako muitane ena mwa iwo alowe pa ng'oma ndi pa maikolofoni muimbe nawo nyimbo imene akhala akuphunzira.